Mbira yasiya kudya ndipo mimba yafufuma: tichite chiyani?

Funso: Mwana wanga ali ndi mbira ziwiri zazimuna zimene amaziweta pongozikonda, ndipo zili ndi zaka pafupifupi 3. Kuyambira dzulo madzulo imodzi yasiya kudya, yangokhala phee pakona itapinda msana, ubweya uli nyankhalala. Ndowe zake zachepa ndipo zikutuluka timibulu ting'onoting'ono touma, komanso mimba ikuoneka yokulirapo. Sabata ino tinazipatsa kabichi wambiri, madeya ndi udzu wanthete umene wamera ndi mvula yoyamba. Anzathu oyandikana nawo akuti tiimwetse kapisozi wa amoxicillin kapena mafuta ophikira. Kodi tichite chiyani?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi zinthu ziwiri zimene sizingadikire kuti mumalize kuwerenga yankho lonseli. Choyamba, kapisozi wa amoxicillin musaimwetse, ngakhale kachidutswa kake, chifukwa mankhwala amenewa amapha mbira. Chachiwiri, mbira imene yagona usiku wonse osadya ndi yodwala kwambiri, ndipo iyenera kuonedwa ndi dokotala wa ziweto lero lomwe. Galu kapena mphaka akhoza kuswera ndi njala tsiku lathunthu n'kudzuka mawa ali bwinobwino, koma thupi la mbira silinapangidwe choncho. Ikangotha maola 12 osalowetsa kanthu m'mimba, vuto limayamba kudzikulitsa lokha, ndipo nthawi zambiri chimene chimapha mbira si matenda amene anaisiyitsa kudya aja koma kusadyako.

Kuti mumvetse chifukwa chake, muyenera kudziwa mmene mimba ya kanyama aka imagwirira ntchito. Mbira zinachokera ku mapiri a Andes ku South America, kumene anthu a m'mayiko amene lero ndi Peru, Bolivia ndi Ecuador anayamba kuziweta zaka masauzande apitawo, ndipo makolo ake akutchire ankakhalira kudya udzu pang'onopang'ono, usana ndi usiku. Pamene matumbo ang'ono akumana ndi matumbo aakulu, mbira ili ndi thumba lalikulu limene limatha kusunga zoposa theka la chakudya chonse chimene chili m'mimba mwake. M'thumba limeneli mumakhala mabakiteriya ambirimbiri othandiza, amene amasasitsa ulusi wa mu udzu n'kuusandutsa chakudya chimene thupi lingagwiritse ntchito. Ulusi womwewo ndi umene umachititsa matumbo kukankha chakudya kupita kutsogolo. Udzu ukasiya kulowa, matumbo amafooka, chakudya chimene chinali kale m'kati chimaima n'kuyamba kuuma, mabakiteriya otulutsa mpweya amachuluka, ndipo mpweyawo umasowa kotulukira popeza mbira siingathe kusanza. Mimba ikafufuma imapweteka, mbira ikamva ululu imakana kudya, ndipo kukana kudyako kumafooketsanso matumbo kuposa poyamba. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri chiwindi nachonso chimayamba kudzaza mafuta n'kuwonongeka, makamaka ngati mbirayo ndi yonenepa.

Zimene mwafotokoza zikugwirizana ndi vuto limeneli la kuima kwa matumbo. Mbira yathanzi imatulutsa timibulu ta ndowe pafupifupi 100 pa tsiku, totalikirapo, tofanana kukula kwake, tabulauni wakuda ndi tosalala. Timibulu tikayamba kuchepa, kufupika, kusongoka mbali imodzi kapena kulumikizana ndi zonanda ngati mamina, ndiye kuti chakudya sichikuyenda bwino. Ndipo ndikukayikira kwambiri chakudya cha sabata ino. Kabichi amatulutsa mpweya wambiri m'mimba, madeya ali ndi ufa wochuluka umene umasasa msanga, ndipo udzu wanthete wa mvula yoyamba uli ndi madzi ambiri koma ulusi wochepa. Chilichonse mwa zitatuzi pachokha, choperekedwa pang'ono, mwina sichikanavuta. Koma kuzipereka zonse pamodzi, mochuluka komanso mwadzidzidzi, kwa mbira zimene zinazolowera udzu wokhwima wa m'chilimwe, n'kokwanira kusokoneza mabakiteriya a m'thumba lija.

Musanachite china chilichonse, ikani mbirayo pa nsalu patebulo, miyendo yonse inayi ili pansi, ndipo mugwire mimba yake mofatsa ndi nsonga za zala mbali zonse ziwiri, kumbuyo kwa nthiti. Mimba ya mbira yathanzi imakhala yofewa ndipo zala zimalowa pang'ono popanda kanyamako kudandaula. Ngati mimba ili yolimba, yotukuka, ndipo mukaigogoda pang'ono ndi chala ikumveka ngati ng'oma, pamenepo mpweya wadzaza kwambiri. Ngati pamwamba pa zimenezi mbira ikupuma mwabefu, ikukukuta mano, makutu ndi mapazi azizira, kapena ikulephera kuima, nyamukani nthawi yomweyo, ndipo musaidyetse mokakamiza ngakhale pang'ono. Nthawi zina chifu chodzaza mpweya chimapotokola n'kutseka njira zonse ziwiri, ndipo kuwonjezeramo chakudya kumangofulumizitsa imfa. Vuto lotere lilibe mankhwala a pakhomo.

Ngati mimba ili yofewa, mbira ili tcheru ndipo ikutha kumeza, yambani kuithandiza pamene mukukonza ulendo wa kwa dokotala. Itenthetseni kaye, chifukwa mbira yozizidwa siigaya chakudya. Kutentha kwa thupi lake kumayenera kukhala pakati pa madigiri 37 ndi 39.5, choncho ngati ikumveka yozizira m'manja mwanu, ikani pambali pake botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu, ndipo musiye malo oti isunthireko ikamva kutentha. Kenaka pezani sirinji yaing'ono ya mililita imodzi, yopanda singano, ku sitolo ya mankhwala, ndipo mudule kansonga kake kuti chakudya chizidutsa. Chakudya chabwino kwambiri ndi ufa wopangidwira nyama zodya udzu zimene zikudwala, monga wotchedwa Critical Care wa kampani ya Oxbow, koma popeza kwathu kuno supezeka wamba, mukhoza kunyika timibulu ta chakudya cha mbira m'madzi ofunda mpaka tifewe, kapena kusinja udzu wouma woyera mu mtondo, kuusefa, ndi kuusakaniza ndi madzi ndi dzungu lophika lopanda mchere kufikira zikhale phala lamadzimadzi. Phala la ufa wa chimanga, mkaka, shuga ndi buledi musapereke, chifukwa zimenezi zimadyetsa mabakiteriya oipa omwe tikufuna kuwachepetsa.

Kadyetsedwe kake kamafuna kuleza mtima. Kulungani mbirayo m'nsalu mutu wokha uli kunja, ikhale pamiyendo panu chafufumimba monga imakhalira masiku onse, ndipo musaigoneke chagada ngati khanda chifukwa ikhoza kutsamwa chakudya n'kulowa m'mapapo. Lowetsani sirinji cham'mbali mwa kamwa, pa mpata umene uli kumbuyo kwa mano akutsogolo, finyani theka la mililita, kenaka dikirani. Mudzaona nsagwada zikuyamba kuyenda ndipo makutu akugwedezeka pang'ono pamene ikutafuna, ikameza, perekaninso. Ngati chakudya changokhala m'kamwa osatafunidwa kapena chikutayikira kunja, lekani. Mbira yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi imene sikudya yokha imafunika mamililita 10 mpaka 15 a phalali pa nthawi imodzi, maola atatu kapena anayi alionse, usiku womwe, kuti pa tsiku ifike mamililita 60 kapena kuposerapo. Madzi muzipereka mwa njira yomweyo pakati pa chakudya, podziwa kuti mbira yotere imafuna pafupifupi mamililita 100 a madzi pa tsiku, kuwerengera ndi amene ali m'chakudya. Nthawi yonseyi udzu wouma wabwino ndi masamba ochepa amene imawakonda zikhale pafupi ndi mphuno yake, chifukwa cholinga chathu n'chakuti iyambenso kudya yokha. Kuisiya iyendeyende pansi kwa mphindi zingapo kumathandiza matumbo kuyamba kuyenda, ndiponso kusisita mimba mopepuka kwambiri, ngati mbirayo sikusonyeza kuti ikumva ululu.

Za mafuta ophikira, ndikudziwa kumene anzanuwo atenga nzeruyi, chifukwa alimi ambiri amamwetsa mafuta mbuzi kapena ng'ombe imene yatupidwa. Koma mimba ya mbuzi ndi yosiyana ndi ya mbira, ndipo kukhosi kwa mbira ndi kopapatiza kwambiri kotero kuti mafuta amalowa mosavuta m'mapapo n'kuyambitsa chibayo chovuta kuchiza. Chimodzimodzi soda, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi mankhwala otsegula m'mimba a anthu. Panado ndi mankhwala ena a ululu a m'nyumba nawonso musapereke mongoganizira, popeza kanyama kosakwana kilogalamu imodzi ndi theka kamalandira mlingo wochepa kwambiri umene munthu sangauyeze ndi maso.

Ndibwerere ku nkhani ya amoxicillin, chifukwa apa ndi pamene mbira zambiri zokondedwa zimafera m'manja mwa eni ake amene amafuna kuzipulumutsa. Mabakiteriya othandiza a m'matumbo mwa mbira ambiri ndi a gulu limene limafa msanga ndi penicillin ndi abale ake. Iwowa akafa, malo awo amatengedwa ndi mabakiteriya oopsa monga Clostridium difficile, amene amatulutsa poizoni wowononga matumbo. Chopweteka n'chakuti zotsatira zake sizioneka tsiku lomwelo: mbira ikhoza kuoneka ngati yapezako bwino, kenaka patapita masiku angapo n'kuyamba kutsegula m'mimba kwambiri n'kufa, mwini wake osadziwa kuti chaipha ndi mankhwala aja. Mankhwala oyenera kuwapewa ndi penicillin, amoxicillin, ampicillin, erythromycin, clindamycin ndi lincomycin, kuphatikizapo jakisoni wa penicillin wosakaniza ndi streptomycin amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Lembani mayina amenewa papepala ndipo mupite nalo. Si mwano kukumbutsa mlangizi wa ziweto kapena dokotala za nkhaniyi mwaulemu, chifukwa ambiri a iwo ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi ya ziweto zazikulu, agalu ndi nkhuku, ndipo mbira amaiona mwa apo ndi apo. Pakafunikadi mankhwala opha mabakiteriya, alipo amene mbira imawapirira bwino, monga enrofloxacin ndi trimethoprim-sulfa, koma wosankha ndi kuyeza mlingo akhale dokotala. Ndipo kunena zoona, kuima kwa matumbo nthawi zambiri sikufuna mankhwala a mtundu umenewu n'komwe.

Chimene mbira yanu ikufuna kwa dokotala ndi mankhwala oletsa ululu, kawirikawiri meloxicam, madzi obayira pansi pa khungu kuti chakudya chouma cha m'matumbo chifewe, ndiponso mankhwala othandiza matumbo kuyenda monga metoclopramide, amene amaperekedwa pokhapokha dokotala atatsimikiza kuti njira siinatsekeke. Kumene kuli makina ojambulira m'thupi, chithunzi chimodzi chimaonetsa pamene mpweya waunjikana ndiponso ngati muli mwala m'chikhodzodzo. Ngati muli ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mabungwe oteteza ndi kusamalira nyama a LSPCA ndi BSPCA ali ndi zipatala za ziweto za pakhomo, ndipo m'mizinda imeneyi mulinso madokotala oyima paokha; kumadera ena yambirani ku ofesi ya za ziweto ya boma lanu. Poyenda, ikani mbirayo m'katoni yoboola mabowo, muli udzu wouma, ndipo musaiike padzuwa kapena pafupi ndi injini ya minibasi, chifukwa kutentha kopitirira madigiri 28 kumaifoola msanga. Tengani timibulu ta ndowe zake m'kapepala kuti dokotala atione.

Ngakhale ndaloza chala chakudya, mupemphe dokotala kuti afufuze bwino, chifukwa kusadya kwa mbira kawirikawiri kumakhala ndi gwero lina lobisika. Gwero loyamba kuliganizira ndi mano. Mbira ili ndi mano 20 ndipo onse amakula moyo wake wonse, akumaperepeseka pokhapokha ikamatafuna udzu wolimba kwa maola ambiri. Mbira yoleredwa ndi madeya ndi masamba ofewa mano ake am'mbali amatalika n'kupindikira m'kati, mpaka apansi amakumana pamwamba pa lilime n'kulitsekera. Mbira yotere imathamangira chakudya ndi njala, n'kuchitola, n'kuchigwetsa, ndipo chibwano chake chimakhala chonyowa ndi dovu. Inu simungawaone mano amenewa pongotsegula milomo, popeza masaya amawaphimba. Pamafunika chipangizo chounikira, ndipo kuwafupikitsa kumafuna kuigoneka tulo ndi mankhwala.

Gwero lachiwiri ndi kuchepa kwa vitamini C. Mbira, mofanana ndi munthu, siitha kupanga vitamini ameneyu m'thupi mwake, ndipo ikamusowa kwa masabata awiri kapena atatu mfundo zimatupa n'kumapweteka, nkhama zimatuluka magazi, ubweya umayipa ndipo chilakolako cha chakudya chimatha. Mbira yathanzi imafuna mamiligalamu 10 mpaka 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, ndipo yodwala mukhoza kuipatsa pafupifupi mamiligalamu 50, kutanthauza theka la piritsi la mamiligalamu 100 la vitamini C yekha, losungunulidwa m'madzi pang'ono n'kumwetsedwa ndi sirinji. Musathire vitaminiyu m'madzi ake akumwa a tsiku lonse, chifukwa amatha mphamvu msanga ndipo kukoma kwake kumachititsa mbira zina kuleka kumwa. Ululu wa kwina kulikonse umathanso kuimitsa matumbo, makamaka wa miyala ya m'chikhodzodzo, choncho mvetserani ngati ikulira pokodza ndipo yang'anani ngati mkodzo uli ndi magazi.

Popeza yanuyo ndi yaimuna ndipo ikukula, muitembenuzenso pang'ono n'kuona kumbuyo kwake pamene pali malo otulukira ndowe. Mbira zazimuna zikamakalamba minofu ya pamenepa imafooka, ndipo ndowe zofewa zimaunjikana m'kathumba ka khungu n'kupanga chibuma chonunkha chimene chimatseka njira. Chimenechi mukhoza kuchichotsa nokha pochifewetsa ndi thonje lonyika m'madzi ofunda n'kuchifinya mofatsa, ngakhale kuti mbira imene yayamba vutoli imafuna kuitsuka kawirikawiri moyo wake wonse. Ndowe zofewazo, kunena modutsa, mbira yathanzi imazidya ikangozitulutsa, ndipo mwana wanu akaiona ikuweramira pansi pa mimba n'kumatafuna asailetse: m'menemo imapezamo mavitamini ndi mabakiteriya othandiza. N'chifukwa chake madokotala ena amalangiza kusungunula timibulu tatsopano ta mbira inzake yathanzi m'madzi pang'ono n'kumwetsa yodwalayo.

Zinthu zikasintha n'kuyamba kutsegula m'mimba kwamadzi, ngozi yake ndi yofanana kapena yoposa, chifukwa kanyama kakang'ono chotere madzi amatha m'thupi mwake pa maola ochepa. Chotsani masamba onse ndi zipatso, muisiyire udzu wouma ndi madzi okha, ipatuleni kwa inzake, ndipo dokotala ayeze ndowe kuti aone ngati muli tizilombo monga coccidia. Mwana wanu azisamba m'manja ndi sopo akagwira mbira kapena kusesa m'khola, popeza mabakiteriya a Salmonella amatha kuchoka kwa mbira kupita kwa munthu.

Mbira ikachira, komanso kuyambira lero kwa inzake imene ikadali bwino, kadyedwe kasinthe. Magawo 8 mwa magawo 10 a chakudya chake akhale udzu, wopezeka nthawi zonse usana ndi usiku. Kapinga, nsenjere yosakhwimitsa ndi masamba a chimanga ndi zabwino, malinga mwazimweta pamalo pamene sanapopere mankhwala ndiponso pamene agalu sapitapo. M'nyengo ino ya mvula muziuyanika udzu pamthunzi kuti ufote musanaupereke, ndipo mvula ikamatha mufutse wambiri, muuumitse bwino n'kuusunga pamalo pouma pamene sungachite nkhungu. Udzu wometedwa ndi makina n'kuunjikidwa mulu umayamba kutentha ndi kusasa pa maola ochepa, ndipo umenewu musaupereke konse. Masamba akhale odzaza kapu imodzi pa mbira iliyonse pa tsiku, osakaniza mitundu, monga chisoso, kholowa, letesi wobiriwira ndi tsabola wamkulu wosawawa uja, amene ali ndi vitamini C wambiri. Kachidutswa ka gwafa kawiri kapena katatu pa sabata n'kothandizanso, popeza gwafa amaposa lalanje pa vitamini ameneyu, koma zipatso zisachuluke chifukwa cha shuga. Kabichi, repu ndi mpiru zikhale tsamba laling'ono mwa apo ndi apo, ndipo bonongwe naye akhale wochepa chifukwa akachuluka amathandizira miyala ya m'chikhodzodzo. Chigwada chosaphika, masamba a mbatatesi ndi a tomato, anyezi, adyo, mapeyala ndi nyemba zosaphika zisafike m'khola.

Madeya ndingakonde mutawasiyiratu kwa mbira zoweta pongozikonda ngati zanuzi. Alimi oweta mbira za ndiwo amawagwiritsa ntchito kuti zinenepe msanga, koma inu mukufuna kuti zanu zikhale zaka 5 mpaka 7 zimene mbira yosamalidwa bwino imatha kukhala, ndipo madeya saperepesa mano, amanenepetsa mopitirira, ndiponso akasungidwa ponyowa amachita chuku chimene poizoni wake amawononga chiwindi. Ngati mumagula timibulu ta m'sitolo, tikhale topangidwira mbira osati akalulu, supuni imodzi kapena ziwiri pa tsiku, ndipo dziwani kuti vitamini C amene amaikamo amatha mphamvu pakapita miyezi itatu chipangidwireni. Chakudya chilichonse chatsopano chizilowa pang'onopang'ono, mtundu umodzi pa nthawi, kwa sabata yathunthu, uku mukuyang'ana ndowe.

Mbira imabisa matenda mpaka itafooka kwambiri, choncho sikelo ya kukhitchini ndi imene ingakuuzeni zoona msanga kuposa maso. Yaimuna yaikulu imalemera magalamu 900 mpaka 1,200. Mwana wanu aziziyeza kamodzi pa sabata n'kumalemba m'kope, ndipo imodzi ikatsika ndi magalamu oposa 50 muziyamba kufufuza chifukwa chake ngakhale ikuoneka yosangalala. Yodwalayi muziiyeza m'mawa uliwonse musanaidyetse, ndipo muziigoneka pa nsalu yoyera kuti muzitha kuwerenga timibulu timene yatulutsa. Toyamba tidzakhala tating'ono ndi topindika, mwina patapita maola angapo chiyambireni kuidyetsa, popeza chakudya chimatenga pafupifupi maola 20 kuti chidutse m'thupi lonse. Musasiye sirinji tsiku limene mwaiona ikutola udzu koyamba. Muzichepetsa pang'onopang'ono, ndipo mudzaleke pokhapokha kulemera kwake kutakhazikika kwa masiku atatu otsatizana ikudya yokha.